Ndinatola Musi Chifukwa cha Kirimu wa pa Keke ya Chisomo

Usiku wathawu ndinalota ndikumenya anthu chifukwa cha kirimu wopaka pa keke, ine NaBanda, amene chibadwire sindinakwezepo dzanja pa munthu wamkulu mnzanga. Amayi anzanga, ndalemba zonse nditangodzuka, ndisanamwe n'tiyi yemwe, kuti pasatayike kanthu. Muwerenge mpaka kumapeto. Musawerenge mizere iwiri n'kuyamba kunditumizira mavesi.

Kwa inu amene simukudziwa, mdzukulu wanga Chisomo akukwatiwa Loweruka lino. Makeke onse a maukwati a pabanja pathu ndimapaka ndine, ndi kirimu wa magalagadeya amene ndinaphunzira ndili mtsikana kusukulu ya zapakhomo. Pepala limene aphunzitsi anatilembetsa ndikadali nalo, lili mu envulopu yachitatu m'sutikesi yanga yabulauni. Koma Lamulungu lapitali mpongozi wanga, make Chisomo, anabwera n'kugwada bwinobwino, ati, "Amayi, ulendo uno mupumule. Manja anuwa ayamba kunjenjemera. Kirimu ndikonza ndine, ndagula kale kabotolo ka fungo la zipatso." Kabotolo! Pa ukwati wa mwana amene ndinamusambitsa ndekha ali wakhanda. Ndinamuuza kuti ndimuyankha Lachinayi. Lachinayi lake ndi mawa.

Ndiye m'malotomo ndinali kukhitchini kwanga, koma khitchiniyo inali yaitali ngati tchalitchi, mabenchi ali mizeremizere, anthu atavala za ukwati atangokhala duu. Anali masana, dzuwa likulowera padenga chifukwa malata onse anali atasasulidwa. Ine ndinkasinja shuga mu mtondo wanga waung'ono, uja sindilola munthu kusinjiramo china chilichonse. Mukudziwa inu kuti kirimu safuna shuga wamchengamchenga. Umasinja, n'kusefa pa nsalu yoyera, zotsalira n'kubwezera mu mtondo, mpaka shugayo akhale ngati ufa woyera. Ndinasinja, ndinasinja, koma musi ukatera ndinkamva kuti khirichi, khirichi. Posuzumira ndinapeza kuti ndikusinja mano. Nditapisa chala m'kamwa, anali anga omwe. Sindinadabwe. Chimene chinandikwiyitsa n'choti sankadutsa pa nsalu.

Kenako ndinanunkhiza mtondowo. Tsabola. Wina anali atasinjiramo kambuzi ndi adyo. Ndinatembenukira ku mabenchi n'kufunsa kuti wagwira mtondo wanga ndani. Mayi wina wa kutsogolo, wa duku lobiriwira, nkhope yake sindikuidziwa, anaseka. Ndinapita pomwe anakhala n'kumutchaya ndi mthiko pakamwa mpaka mthikowo unathyoka pakati. Iye ankangosekabe, magazi akutsikira pa bulauzi, ndipo anzake a pa benchilo anasendera pang'ono kuti asadetse zovala.

Ndiye keke inali itaima pakati pa nyumbayo, yamasitepe asanu ndi awiri, kutalika ngati chulu, ikufuka nthunzi chifukwa inali itangotuluka mu uvuni. Pamwamba pake panali make Chisomo, atakwera pa makwerero, atanyamula beseni langa loyera lija la mkombero wabuluu. Ndinakuwa kuti, "Make Chisomo, keke yotentha sapaka! Kirimu asungunuka!" Iye anandiyang'ana mwaulemu wake uja, ati, "Amayi, pumulani." Mawu ake m'maloto onsewo anali amenewo basi.

Kenako anatsegula kabotolo kake kaja. M'kabotolo kakang'ono ngati ka mankhwala a m'maso munayamba kutuluka madzi a magalagadeya, osasefa, nthanga zili momwemo, n'kumakhuthukira onse nthawi imodzi m'majarini a m'besenimo. Amayi anzanga, ngakhale kutulo magazi anga anawira. Madzi a zipatso amalowa supuni imodzi, n'kutakasa mpaka asowe, kenako supuni ina. Ukathira pamodzi kirimu amaduka, mafuta kwaokha madzi kwaokha, ngati chambiko chogona. Ndi mmenedi zinakhalira. Kirimu woduka uja anayamba kutsika m'mbali mwa keke, nthanga zakuda zikuyenda momwemo ngati nkhupakupa.

Ndiye kabotolo kaja kanasiya kutulutsa madzi n'kuyamba kulavula magalagadeya athunthu, olimba ngati miyala ya pamtsinje. Ankagwa kuchokera pamwamba n'kumatera pa mitu ya oitanidwa. Bambo wina wa suti yotuwa, limodzi linamuphwanya mphuno. Mayi wina, lina linamuboola chipewa n'kukhazikika m'mutu momwemo. Palibe anathawa. Wina akagwa, omwe anali kumbuyo ankangosendera kutsogolo kudzakhala pa malo ake. Ine lina linanditchaya paphewa, dzanja lonse linachita dzanzi.

Kenako ndinathamangira ku sutikesi yanga kuti nditenge pepala, ndimuonetse mpongoziyo mzere wachinayi pomwe palembedwa kuti supuni imodziimodzi. Sutikesiyo inali pansi pa tebulo la akwati, yotsegula. Ankhoswe awiri, wakuchimuna ndi wakuchikazi, anali atanjuta pomwepo akudya mabisiketi, n'kumapukutira zala m'mapepala anga. Makadi a kusikelo a ana anga, makalata a ubatizo, mapologalamu a maliro amene ndinawasanja motsatana bwinobwino, zonse zili mafuta okhaokha. Envulopu yachitatu anali atakolezera mbaula. Ndinapisa dzanja pamoto koma ndinangotola phulusa. Nkhoswe wakuchimuna uja ati, "Mayi, n'zakale izi." Ndinamugwira tayi, ndinamukokera pansi, n'kumuluma khutu mpaka linatsalira m'kamwa mwanga. Musandifunse kuti ndinaluma ndi chiyani popeza mano anali mu mtondo. Ndinaluma. Khutulo ndinalikulunga m'kapepala n'kulembapo dzina lake, kuti akadzakana pakhale umboni.

Ndiye ndinapezeka ndili pa makwerero, musi uli m'manja. Makwererowo ankaterera ndi majarini, ndipo ndikakwera masitepe atatu ndinkatsika awiri, maondo akusupuka. Nditafika pamwamba make Chisomo ananditchaya ndi beseni pamphumi, ati, "Amayi, pumulani." Beseni langa lomwe. Ndinamugwira chitenje, iye anandigwira pakhosi, tonse tinagwera m'kati mwa keke. M'katimo munali motentha ngati phala la pamoto, kirimu kufika m'chifuwa. Anandilowa m'maso, m'mphuno, sindinkaonanso kanthu. Ndinangokweza musi n'kuyamba kusinja pomwe ndinkamva kupuma kwa munthu. Ndinkawerenga mokweza. Ndinafika pa kasanu ndi kawiri. Kunja anthu aja ankaomba m'manja motsatira musi, monga amachitira pa perekaniperekani.

Kenako kunangoti zii. Ndinapukuta m'maso ndi duku. Munthu amene anali patsogolo panga sanali make Chisomo. Anali Chisomo mwini wake, atavala diresi yake yoyera ndi velo, mutu utatseguka apa pamwamba pa khutu. Sankalira. Magazi ankatsika pang'onopang'ono, dontho limodzi, kenako lina, n'kumagwera m'kirimu. Iye anatenga chipande n'kumatakasa, dontho likasowa n'kudikira lina, ndendende mmene ndinamuphunzitsira ali pa holide. Kirimu woduka uja anagwirana, anasalala, n'kufiira pang'ono ngati tathiramo madzi a chidede.

Ati, "Agogo, talawani. Wakwana?"

Ndinapisa chala n'kulawa. Amayi anzanga, ndinene zoona pamaso pa Mulungu. Chiyambire kupaka makeke sindinakonzepo kirimu wokoma choncho. Munalibe kamchenga ngakhale kamodzi, kuwawasa kwa magalagadeya kuli pa muyezo wake. Mwana ataima pomwepo akukha magazi, ine ndinatambasula dzanja kuti ndilawenso kachiwiri.

Pomwepo ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera, dzanja lamanja likuwawa, khungu la pa zala litasupuka poti ndinali ndikumenya khoma. Ndinamuimbira Chisomo nthawi yomweyo. Anayankha ali m'tulo, ati, "Agogo, kwagwanji m'mawa uno? Mwapeza mwamuna nanunso?" Ndinamuuza kuti ndalakwitsa nambala.

Tsono ndiuzeni, malotowa akutanthauza chiyani? Za mano ndikudziwa kale zimene ena munene, kuti kulota mano akuguluka ndi maliro. Anga sanaguluke, ndinawasinja ndekha, ndiye musasakanize. Amene mukufuna kunena kuti ndinagona nditakhuta, ndinadya mbatata imodzi ndi tiyi wopanda mkaka. Za ufiti musayambe n'komwe, mpongozi wanga ndi mwana wopemphera, vuto lake ndi kabotolo basi. Chimene chikundisautsa ndi chala chachiwiri chija. Munthu wanji amene amalawanso?

Pali chinthu chimodzi chimene make Chisomo sakudziwa, ndipo chithere m'gulu muno. Lolemba ndinadzitsekera kukhitchini kuti ndiyese kirimu pang'ono wopaka pa mabisiketi. Nsalu yosefera inandipulumuka kawiri. Pothira madzi a magalagadeya dzanja linagwedezeka, kapu yonse inakhuthukira m'beseni, kirimu n'kuduka ine ndikuona. Ndinakamukwirira kudzala ndi khasu, beseni n'kulitsuka msangamsanga.

Mawa m'mawa mpongoziyo abwera kudzagwada pakhomo panga kudikira yankho. Ngati malotowa akuti ndimusiyire keke ya mwana wake, nenani, koma munene mondilemekeza. Ngati akuti ndipake ndine, mmodzi wa inu, wosalongolola, abwere Lachisanu adzandigwirire supuni.