Chaka Chimene Ndinaika Nyundo Pansi

Chinali chaka cha 2009, ine ndili ndi zaka 67, pamene Mmerika wina anabwera kudzachita lendi chipinda chathu chakuseri ku Unit L, dera lathu la kunja kwa Harare.

Ndine wosula malata. Ndowa, mbaula, mabeseni, zothirira m'dimba. Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa bambo anga, amene anachoka ku Dedza wapansi kudzalima fodya wa azungu kuno, osabwereranso. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Chingerezi changa ndi chogulira ndi kugulitsira, ndipo chimandikwana. Chaka chimenecho mipopi inauma, amayi ankatandala pamzere ku mjigo, aliyense akufuna ndowa. Nyundo yanga inkayamba kulira dzuwa likamatuluka, kulekeza likamalowa. Ndinkakhomera pa chidutswa cha njanji. Akuti kulira kwake kunkamveka mpaka kumsewu wa makombi, maminibasi a kuno.

Mwana wamwamuna ndili naye mmodzi. Anapita ku nkhondo ya ku Congo ali mnyamata wa phwete. Anabwerako ndi miyendo yonse, manja onse, koma ngati nyumba imene eni ake anasamuka n'kusiya makatani ali chipachikire. Usilikali anasiya. Sankamwa, sankamenya munthu. Ankangokhala. Ndikamulankhula m'Chichewa ankayankha m'Chishona, mawu awiri basi: "Ehe, baba." Ine ndinkafuna chinthu chimodzi: akhale pakhomo, agwire nyundo, akwatire, adzandiike m'manda. Koma ndikangoyamba kukhoma, iye ankanyamuka, kutuluka pageti, kupita ku miyala ikuluikulu yosanjikizana imene ili kuseri kwa nyumba zomalizira. Ndinkati ndi ulesi.

Mmerika uja anamubweretsa dalaivala wa kombi amene timapemphera naye. Anali wamtali, woonda, msinkhu umodzi ndi mwana wanga, chikwama chimodzi kumsana. Anati ndi mlembi.

"Mlembi wa kukhoti?" anandifunsa mkazi wanga.

"Wa mabuku."

"Nanga mabukuwo ali kuti?"

"Akuti sanawalembebe."

"Ndiye inenso ndimayendetsa ndege, bambo a mwana. Kungoti ndegeyo sinafike."

M'mawa mwake ndinayamba ntchito monga mwa masiku onse. Nditangomenya lata kangapo, chitseko chakuseri chinatseguka. Mlendoyo anatuluka wopanda nsapato, nkhope itayera ngati ufa, maso ali padenga. Sanandipatse moni. Anatuluka pageti. Kutsogolo kwake kunali mwana wanga. Ndinaona misana iwiri ikutsata njira imodzi, wina osayang'ana mnzake, mpaka fumbi linawabisa.

Anabwerera limodzi masana. Mwana wanga ankaseka. Kuseka kwake ndinali nditakuiwala, moti ndinayamba ndayang'ana kumpanda, kuyesa kuti ndi mwana wa oyandikana nawo.

Patapita masiku, mlendoyo anakhala nane pakhonde ndikudula malata. Ankanditcha Sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona, monga ankamvera ana a m'njira. Anandiuza kuti nayenso anali msilikali, ku nkhondo ya ku Iraq, m'dziko la mchenga. Anati atabwerera kwawo anapeza masitolo ali odzaza, anthu akuomba m'manja, akumuthokoza, ndipo kuthokozako ndi kumene kunamudwalitsa. Anati kwawoko n'zakale zimenezi. Itatha nkhondo yaikulu yoyamba, anyamata ambiri amene anapulumuka analeka kukhulupirira mawu a akuluakulu awo. Anawoloka nyanja, kukakhala m'mizinda ya eni, m'zipinda zotchipa, kumwa vinyo ndi kulemba mabuku. Anthu anawatcha mbadwo wotayika. Iye ankafuna kuchita ngati iwo.

"Ife timawatcha matchona," ndinatero. "Anthu opita osabwerera. Bambo anga anali mmodzi. Koma iwo anatchona ndi khasu."

"Ndipo analemba chiyani?"

"Ine."

Anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa sindinkanena nthabwala.

Anali ndi anzake ku Harare, Amerika anzake, nawonso alembi. Loweruka lina anabwera pa galimoto yaing'ono yofiira, anyamata awiri ndi mtsikana wometa mpala. Anakhala pansi pa mtengo wathu wa mapeyala, mabotolo ali pakati, n'kumawerengerana mapepala mosinthana. Wina akawerenga, enawo ankatsinzina. Akamaliza, onse chete, kenako wina n'kupumira m'mwamba. Mkazi wanga anawasuzumira pazenera la kukhitchini.

"Maliro a ndani amenewa?"

"Akuwerenga."

"Ayi, awa ndi maliro. Kungoti mtembo aiwala kunyumba."

Anawapatsabe tiyi ndi mbatata. Mtsikana wa mpala uja anadya mbatata ndi makoko omwe, misozi ili m'maso, akuti sanalawepo chokoma chotero. Ndinawayang'ana ana amenewo. Anali ndi nsapato zabwino, mano abwino, mapasipoti otsegula khomo lililonse. Koma anakhala pansi pa mtengo wanga ngati anthu odikira basi imene inasiya kalekale kudutsa msewu umenewo. Mwana wanga anakhala nawo, chapambali pang'ono, atagwira kapu ndi manja awiri.

Tsiku limenelo sindinakhome, chifukwa cha alendo. Madzulo mkazi wanga anati, "Mwaona? Lero sanapite kumiyala."

"Chifukwa kunali alendo."

"Chifukwa kunalibe nyundo, inu. Mwakalamba ndi makutu omwe? Mukamenya lata lija, iwo amamva zina, za kunkhondo."

Mkazi sayankhidwa pamene walondola.

Ndinayesa kukulunga nyundo ndi mphira ya tayala. Lata silimvera nyundo yofewa. Mkombero wa ndowa unkatuluka wokhota ngati pakamwa pa munthu wonyoza. Ndowa yotero sindingaigulitse, ngakhale kwa mdani. Choncho m'mawa wina ndinaipukuta nyundo ndi mafuta, kuikulunga m'chiguduli, kuiika pansi pa bedi. Ndinatsala ndi ntchito yachete: kumata mabowo a mapoto ndi mtovu, kusintha zigwiriro. Palibe amene anandiuza. Ndinaganiza ndekha, ndipo ndinachita.

Bwalo langa linakhala chete koyamba chimangire nyumbayo.

Miyezi imeneyo ndimaikumbukira ngati zinthu zoona uli ndi malungo. Kunali kutentha kwa Okutobala. Ndinayamba kumva zimene nyundo inkandibisira zaka zonsezo: njiwa pa waya wa magetsi, mayi wogulitsa tomato akuitana misewu iwiri kutali, mawilibala a madzi akulira popita ku mjigo, masamba a mapeyala akukhudzana. Utsi wa mtovu unkakwera mowongoka, osapindika. Nthawi zina ndinkaodzera chitsulo chomatira chili pamoto, n'kulota bambo anga akuyenda m'msewu wautali woyera, nsapato atazikoleka m'khosi kuti zisathe. Ndikadzidzimuka, anyamata awiri aja ali pomwepo pansi pa mtengo, mthunzi utawasunthira kumapazi.

Sanapitenso kumiyala. Mwana wanga anakhala pakhomo, monga ndinkafunira.

Ndipo anayamba kulankhula. Osati kwa ine. Kwa Mmerika uja, m'Chingerezi, ndi mawu apansipansi. Ankalankhula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mlendoyo sankalemba kanthu. Ankangomvera, akubudula udzu. Kenako nayenso ankalankhula, mwana wanga n'kumagwedeza mutu. Ine ndili chapatali ndi mapoto anga ndinkatola mawu amodziamodzi, ngati nkhuku yotola pa mphasa ya eni. Mtsinje. Bwato. Mvula. Dzina la munthu, limene ankalibwereza. Manja a mwana wanga ankayenda m'malere pang'onopang'ono, kusonyeza madzi otambalala, kenako chinthu chikumira. Tsiku lina ndinamumva akunena kuti mtsinje umenewo tsidya lake silioneka, ndipo m'mawa umafuka nkhungu ngati ukupuma. Anaunena ngati munthu wonena za mkazi amene anamukonda. Ndinadabwa. Ndinkayesa kuti ku Congo kuja anadana nako.

Anthu ankabwerabe pageti kudzafuna ndowa.

"Sekuru, zatha?"

"Sindikupanga."

"Mwadwala?"

"Ndati sindikupanga."

Ankapita ku Town Centre kukagula zapulasitiki, zobiriwira ndi zofiira, zimene zimang'ambika zikakhala padzuwa. Ndinkaziona zikudutsa pamitu ya amayi amene amayi awo ankagula kwa ine. Sindinadandaule. Ndinkati mwana akachira, tidzakhoma awiri, ndipo adzabwerera okha.

Masana ena mlendo atapita ku Harare, ndinamupeza mwana wanga ali yekha pansi pa mtengo. Ndinakhala pa chidutswa cha njanji chija.

"Iwe wamuuza mlendo zonse," ndinatero. "Nanga ine bambo ako, amene ndinaika nyundo pansi?"

Anayankha, m'Chishona monga mwa masiku onse, koma mawu ambiri kuposa onse amene anandiuza chibwerere.

"Baba, uyu akamva, apita nazo kutali. Inu mukamva, mukhala nazo pompano. Ndizidzaziona pankhope panu m'mawa uliwonse."

"Nkhope yanga yanyamula zambiri."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake."

Ndinamuyang'ana. Anali atanenepako, maso atayera. Anali akuchira ndithu. Koma ankayang'ana kupyola mpanda, kupyola madenga, ngati munthu amene wamva fungo la mvula ya kudera lina.

"Pano palibe madzi, baba," anatero.

"Mjigo ulipo."

Anamwetulira.

Mvula yoyamba itagwa, anandiuza kuti akupita ku Beira, iye ndi mlendoyo. Mmerika ankati buku lake likalembeka m'mphepete mwa nyanja, kumene kuli mahotela akale opanda anthu. Mwana wanga ankati akungofuna kukaona madzi opanda tsidya, abwera Khirisimasi isanafike. Mayi ake anamuphikira nkhuku, kumukazingira mtedza wa paulendo, akumunyoza kuti akakwatira nsomba.

Ine ndinapita kuchipinda chakuseri. Mlendo anali akupinda malaya.

"Munabwera ndi chikwama chimodzi," ndinamuuza. "Mutuluke ndi chimodzi."

Anaima, malaya ali m'manja. "Sekuru, sindikumutenga ine. Ndi iye akunditenga. Ine njira sindiidziwa."

"Nanga buku lanu?"

"Ndili ndi tsamba loyamba."

"Miyezi yonseyi?"

"Ndi tsamba labwino, Sekuru."

Ndinamukhulupirira pa zonse ziwiri. Sanali munthu wabodza. Anali munthu wopanda pansi, ngati ndowa imene sinamatidwe. Chilichonse chothiramo chimadutsa, n'kukanyowetsa pena.

Ananyamuka m'mawa, nthaka ikadali yonyowa, inswa zikuuluka. Sindinawaperekeze kokwerera makombi. Ndinaima pageti. Mwana wanga anandigwira dzanja ndi manja ake awiri, n'kuwerama pang'ono monga ndinamuphunzitsira ali wamng'ono. Mlendo anafuna kundikumbatira, ndinamupatsa dzanja. Anayenda mpaka pokhota, ndipo mwana wanga anaponda m'chithaphwi dala, ngati kamwana.

Khirisimasi inafika, inapita. Mmerika uja tinamva kuti anakhalako pang'ono, kenako anapitirira kudziko lina, kenako lina. Ngati bukulo linalembedwa, ine sindinalione, ndipo sindinalifunefune. Mwana wanga anatsala. Akuti amakonza mabwato a asodzi. Amaimbira foni mayi ake nthawi ndi nthawi, iwo n'kundigwirizira foniyo kukhutu. Amafunsa za thanzi langa, ine ndimati ndili bwino. Kumbuyo kwa mawu ake kumamveka chinthu chachikulu chikupuma, kubwera ndi kubwerera. Amaseka kawirikawiri. Sanena za kubwera, ndipo ine sindipempha.

Anthu ena kutchalitchi amati ndinalakwa kulandira mzungu pakhomo. Sadziwa kanthu. Mwana anali wodwala, anachira. Zimene ndinachita ndikanachitanso.

Koma kuwerenga ndimadziwa, ndipo ndawerenga zimene ndinataya. Nyengo imodzi ya ndowa, yabwino kuposa zonse zimene ndinaziona. Makasitomala a misewu isanu, amene sanabwererenso. Mphamvu ya dzanja lamanja, imene inachoka m'miyezi yokhala ija, moti pano mkombero umandikanika. Mpongozi mmodzi amene sindinamulandire. Zidzukulu, sindidziwa zingati, zimene zikanamva Chichewa pabwalo pano. Ntchito ya mibadwo iwiri, yopanda woisiyira. Mwana mmodzi, wamoyo.