Kamuvi Kothawira Kuchipinda

Agogo otaipa makalata a kumapeto kwa msewu ali ndi kompyuta imodzi koma masikirini awiri. Kabokosi kolumikizira, ka adaputa, anakamangirira ndi mphira kumwendo kwa tebulo. Amati, "Awa ndi apongozi, sagwidwagwidwa."

Sikirini imodzi ili pabalaza, pamene amataipira anthu mapepala. Inayo ili kuchipinda, pafupi ndi bedi la akazi awo amene miyendo inafa, ndipo chingwe chake chimadutsa pansi pa chitseko. Mayiwo amaonerapo zithunzi za adzukulu. Agogo akakankha mausi kwambiri, kamuvi kolozera pa sikirini kamathawira ku sikirini ya kuchipindako, kenako kumamveka mawu: "Bambo inu, kambuzi kanu kalowanso m'munda mwanga!"

Tsiku lina wokonza makompyuta atamva zimenezi anaseka. "Madala, ndikatsekere kuti kasamasochere?"

Agogo anamugwira dzanja msanga. "Ayi mwanawe, sikasochera, ndimachita kukatuma. Akandikalipira ndiye kuti ali bwino. Akakhala chete, ndimasiya zonse n'kuthamangirako."

Atatero anakankha mausi. Kuchipinda kunali zii. Agogo anayamba kudzuka pampando.

"Bambo inu!"

Anakhalanso pansi, n'kupitiriza kutaipa.