Akavalo pa Nsalu ya Amayi

Inali nsalu yoyala pabedi, yoyera mbee, yokhala ndi timaluwa tabuluu m'mphepete. Inkakhala pansi penipeni m'bokosi lachitsulo la amayi, ndipo palibe amene anagonapo. Abambo anaigula mlungu umene ankanyamuka kupita kumigodi, nalonjeza kuti idzayalidwa tsiku limene adzabwere ndi bedi la masipuling'i. Ine ndinali wokwawa. Pofika nyengo imene ndikunenayi ndinali wamkulu ndithu, wotha kusenza chigubu cha madzi kuchokera kumpopi, koma abambo anali asanabwere, bedi nalonso ayi. Mwezi uliwonse amayi ankaitulutsa nsaluyo, kuikutumula padzuwa, n'kuipindanso m'mapindo ake omwewo.

Tinkakhala ku Chawama, m'nyumba ya njerwa zosawotcha. Anzanga onse anali pasukulu, ine ayi. Ndikafunsa, yankho linali limodzi: "Udzayambira kumigodi, abambo ako akabwera kudzatitenga." Motero ine ndi nsalu ija tinali kudikira munthu mmodzi.

M'nyengo ya mphepo ndi fumbi, amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankagwira ntchito pagalaja m'tauni, anabwera ndi makina akale oonetsera bayisikopo. Anati mzungu wina wobwerera kwawo anawasiyira, pamodzi ndi zitini za mipukutu ya filimu ndi kainjini kotsokomola. Poyamba anayesa pakhoma la nyumba yathu, koma khomalo linameza nkhope zonse. Amalume anakanda m'mutu, kenaka anandiyang'ana.

"Mphwanga, amai ako ali na nsalu ija yoyera. Tizabweza bakalibe kubwela ku maliketi. Nsalu siikamba."

Ndinaitenga, ndikudalira kuti tiibweza amayi asanabwere kuchokera kumsika. Tinaimangirira ndi waya pakati pa mtengo wa malubeni ndi mlongoti, ndipo dzuwa litangolowa anthu anafika, wina ndi kampando, wina ndi njerwa, ana ndi matako awo okha. Makinawo analibe mawu, choncho amalume ndiwo ankalankhulira aliyense. Mzungu wa chipewa chachikulu akatsegula pakamwa, tinkamva, "Iwe chikamba, nibwezele ng'ombe zanga!" Mkazi akalankhula, amalume ankatsina mphuno. Mphepo ikawomba, nsalu inkafufuma, akavalo n'kunenepa, kenaka n'kuwondanso. Utsi wa kainjini unkasakanikirana ndi fungo la mtedza wokazinga. Ndaona mafilimu ambiri m'moyo wanga, ena m'nyumba zazikulu za mipando yofewa, koma sindinaonenso akavalo okoma ngati amenewo.

Amayi anabwerako kumsika msanga. Anadzera kuseri kwa nsalu, ndipo chimene tinaona ndi chithunzithunzi chawo, dengu lili pamutu, chitaima pakati pa akavalo. Anthu anakuwa kuti, "Chokaniko, amai!" Amayi anazungulira, nagwira m'mphepete mwa nsalu pamene panali timaluwa, nandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatula dengu, napempha mwana wina kuti asendere, nakhala panjerwa.

Sanandimenye, ndipo nsalu sanaichotse. Madzulo otsatira anabwera ndi kampando kawo.

Amayi anali ndi maganizo pa filimu iliyonse, ndipo ankawanena mokweza. Za ndewu ankati n'zabodza, chifukwa palibe munthu angamenyedwe chotero chipewa osagwa. Ankadandaula kuti azungu amakhala patebulo lodzaza ndi zakudya n'kunyamuka osamaliza: "Nanga wophikayo amva bwanji?" Anthu akayamba kupsompsonana ankanditseka maso ndi dzanja lonunkhira anyezi, iwo akuonera. Ndikhulupirira kuti ena ankabwera kudzamvera amayi, osati amalume. Khalidwe limeneli ndinatengera. Adzukulu anga akamaonera zawo pafoni amandithawa, ati agogo amalongolola.

Panali filimu imodzi imene tinkaibwereza kawirikawiri. Mwamuna anakwera kavalo napita kutali, mkazi wake natsala akuyang'ana pazenera. Chaka chinkasintha, masamba kugwa, iye ali pomwepo. Tsiku loyamba kuiona, amayi anaomba m'manja.

"Mkazi uyu alibe ntchito? Tsiku lonse pazenera! Ana ake adya chiyani?"

Azimayi onse anaseka, amayinso anaseka, koma ndinaona kuti iwo analeka msanga kuposa anzawo.

Vuto la filimuyo linali lakuti mpukutu wake wotsiriza kunalibe. Inkangoduka mkaziyo akadali pazenera, nsalu n'kuyera mbee. Anthu ankachita phokoso kufuna kudziwa mathero, ndipo amalume ankawapatsa, tsiku lililonse osiyana. Lero mwamunayo wabwera ndi thumba la golide. Mawa wadyedwa ndi mkango. Mkuja wakwatira wina ku Kitwe. Anthu ankakangana mpaka kumpopi mmawa mwake. Tsiku lina amalume akuyamba bodza latsopano, amayi anawadula.

"Achimwene, muziisiya pamene yathera. Mkaziyo apite akatunge madzi."

Mvula yoyamba inatha zonse. Kainjini kanalowa madzi, sikanadzukenso, ndipo makina aja anakhala poikira nkhuku. Nsalu inatsika itafiira ndi fumbi, ngodya imodzi itang'ambika ndi waya, pakati pali dontho la mafuta. Amayi anaichapa kawiri, naiyanika. Ndinkayembekeza kuti ibwerera m'bokosi. M'malo mwake anaiyala pamphasa, natenga sizasi.

Ndinalira monga sindinalirepo. Ndinawagwira mkono, ndikupepesa, ndikulonjeza kuti sindidzakhudzanso bokosi lawo. Ndinkaganiza kuti akuidula chifukwa ndaiipitsa, ndipo abambo akadzafika sadzapeza choyala pabedi, adzabwerera. Amayi anachotsa dzanja langa mofatsa, napitiriza kudula, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. "Imirira bwino," anatero, nayeza mapewa anga ndi chingwe.

Telala wa pamsika anasoka malaya awiri. Sukulu zitatsegulidwa, amayi anandigwira dzanja mpaka pakhomo la kalasi. Ndinali wamtali kuposa onse, mawondo osalowa pansi pa desiki. Aphunzitsi, amene nawonso ankabwera kudzaonera atabisala kumbuyo, anayang'ana timaluwa tabuluu pathumba la malaya anga, namwetulira. "Tamulandira wa bayisikopo," anatero. Dzinalo linandikanirira mpaka ndinamera ndevu. Ana ena ankandiuza kuti nditembenuke, ati aone akavalo pamsana panga, ndipo ine ndinkawathamangira ngati kavalo.

Abambo sanabwere. Kwa zaka zambiri, ngakhale nditakwatira, kamtima kena kankandiuza kuti ndine ndinatseka njira yawo tsiku lija ndinatsegula bokosi. Munthu wamkulu amadziwa kuti zimenezo n'zopusa, koma kudziwa sikuchotsa munga. Amayi sindinawafunse, ndipo tsopano palibe wofunsa. Inenso ndili ndi bokosi langa: madiresi a malemu mkazi wanga ali momwemo, ndipo mwana wanga wamkazi akawapempha ndimasintha nkhani. Mlungu uno ndalitsegula kawiri. Mwina Loweruka ndimuitana.

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi madzulo a tsiku la sizasi lija. Amayi anakokera bokosi lachitsulo pakhomo, nathiramo tomato wa kumsika, chivundikiro chili chotsegula. Anadya bwino, napempha amalume kuti alankhulenso ngati mkazi wa pazenera uja, naseka mpaka kupukuta misozi ndi kansalu koyera kotsala podula. Ine ndinakhala pakona, maso ali pankhope yawo, kudikira kuti mkwiyo utuluke liti. Ndinadikira mpaka tulo tinanditenga, iwo akadali kuimba.