Ndinafungatira Mlongo Wanga Pachifuwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinapeza ntchito yanga yoyamba, ndipo amene anandilemba anali mzamba yemwe anangoona mutu wanga pawindo. Tinkakhala pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje, m'nyumba za kampani zondondozana zimene tinkangoti kulayini. Bambo ankagwira ntchito kufakitale, mayi ankathyola tiyi. Ine ndinali mwana woyamba, ndiponso kwa zaka zambiri mwana yekhayo, chifukwa pambuyo panga mayi anapita padera kawiri. Choncho pathupi pa mayi patayamba kuonekanso, m'nyumba mwathu munalowa chimwemwe chonong'ona, chija akuluakulu amaopa kuchitchula mokweza.

Ine zonong'ona sindinkazitha. Ndinali mwana waphokoso, ndipo mayi ankati matako anga sadziwana ndi mphasa. Koma panali chinthu chimodzi chimene ndinkadzitama nacho: kubereka ana. Makanda onse a kulayini anadutsa pamsana panga. Amayi awo akapita kumunda wa tiyi, ine ndinkamanga mwana kumbuyo n'kumasewera naye fulaye, mpira osandigunda, mwana osadzuka. Ndiye ndinkawerengera kuti wathu akangobadwa, anzanga onse aona polekera.

Zinthu sizinayende monga ndinkaganizira. Mayi anayamba kudwala masiku asanakwane, nthawi ya chiperoni, sukulu titangotsekera. Galimoto ya esiteti inawatengera kuchipatala chachikulu, ndipo mawa lake bambo anabwera atanyowa ndi mvula yowaza ija, n'kunena ali pakhomo pomwe kuti, "Mapasa!" Ndinalumpha, ndinakuwa, ndinathamanga layini yonse kulengeza. Pobwerera m'pamene ndinaona kuti bambo akuseka ndi pakamwa pokha. Mayi anawachita opaleshoni. Wamkazi anali bwino, ndipo bambo anali atamutcha kale Chisomo. Za wamwamuna anangoti, "Uja tiyeni tizipemphera." Dzina sanamupatse.

Amene ankadikirira mayi kuchipatala anali azakhali anga a Feliya, mlongo wawo wa bambo, a ku Milonde. Anali mayi wamtali, wa mawu ngati belu, ndipo akakwiya Chichewa chinkawathera n'kuyamba Chilomwe. Popeza anasiya ana ang'onoang'ono kwawo, ankapita ku Milonde n'kumabwerako. Ufa ndi nkhuni zitawathera, bambo ananditenga panjinga kuti ndikathandize kunyamula. Anandisiya kukhitchini kumene odikirira odwala amaphikira, n'kundichenjeza kuti ana saloledwa kuwodi ya amayi, ndipo ndisachoke pamenepo. Iwo atangokhota pangodya, ine ndinazemba, ndinazungulira kuseri kwa wodi, ndinasanjikiza njerwa, n'kusuzumira pawindo.

Zimene ndinaona zinandidabwitsa. Amayi onse m'chipindamo anali atakhala chotsamira, aliyense ali ndi kamutu kovala chipewa choluka kakusuzumira pachifuwa pake. Mayi anga anali pabedi lapakona, nkhope itatuwa, Chisomo atamangidwa pachifuwa. Pambali pawo panaima namwino wamfupi, wojintcha, atanyamula kamtolo ka nsalu. Ameneyu ndi amene ndinadzamudziwa kuti ndi a Muhiwa, mzamba woyang'anira chipindacho. Ankalankhula ndi azakhali.

"Mayi, uyu akuzizidwa," anatero a Muhiwa. "Amayi ake bala likuwapweteka, sangathe kufungatira awiri usana ndi usiku. Pakufunika chifuwa china. Mukhale apa ndimumange pa inu."

Azakhali anabwerera m'mbuyo, manja atabisa kumsana. "Iyayi anesi, ine ayi. Ine ndili pabanja, ndachoka kwa amuna anga dzulodzuloli. Ndimuphe ndine mwana wa achimwene? Akatupa mudzati chiyani?"

Tsiku limenelo sindinamve tanthauzo lake. Ndinadzamva nditakula kuti pamwambo wathu, munthu amene akukhalira limodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake sagwira khanda limene lisanatuluke m'chikuta, poopa kulidwalitsa tsempho. Azakhali sankakana chifukwa cha ulesi kapena nkhanza. Misozi inali m'maso ndithu. Iwo ankakhulupirira kuti akuteteza mwanayo.

Ndinkayembekeza kuti anesi akalipa, pakuti kulayini tinkamva kuti anamwino sachedwa kuzaza. Koma a Muhiwa anangosisita kamtolo kaja. Kenako anafunsa mofatsa, ngati munthu wofunsa njira.

"Chabwino mayi, ndamva. Nanga pamwambo wanuwo, angamugwire ndani?"

"Nkhalamba yoti inasiya zonse," anayankha azakhali, "kapena mwana wosatha msinkhu. Koma amayi athu ali kutsidya, ku Mozambiki, ndipo miyendo inawakana."

A Muhiwa anatembenuka pang'onopang'ono, maso awo n'kukumana ndi anga. Ndinafuna kutsika, koma njerwa zinagwedera ndipo ndinakangamira pawindo pomwepo.

"Nanga kamutu kali pawindoka n'ka ndani?"

"Esinati!" anakuwa azakhali. "Mwana uyu adzandiphetsa!"

M'malo mwa chikwapu chimene ndinkayembekeza, ndinapezeka ndili m'kati. A Muhiwa anandifunsa ngati ndikutsokomola, ngati ndili ndi chimfine kapena zilonda. Anandiyang'ana m'manja, anandiwenga zikhadabo, ananditumiza kubafa ndi sopo wonunkhira mankhwala. Anapita kukalankhula ndi akuluakulu awo, anaitanitsa bambo panja n'kuwafotokozera. Ine mtima unkangogunda ngati ng'oma ya tchopa. Ine, Esinati, wolowa m'wodi ya amayi! Ndinkalakalaka anzanga a kulayini akanandiona.

Atanditambasulira kamtolo kaja, chimwemwe chinasanduka mantha. Sindinaonepo munthu wochepa choncho. Miyendo inali ngati zala zanga, khungu lofiirira, lopyapyala, mitsempha ikuoneka. Anavala thewera, chipewa ndi timasokosi basi. Komabe sindinafune kuoneka wamantha. Ndinatenga chitenje, ndinawerama, n'kupereka msana monga ndinkachitira masiku onse.

Wodi yonse inaphulika ndi kuseka, ngakhale mayi anaseka atagwira pabala.

"Katswiri wafika!" anatero a Muhiwa. "Dzuka, mwana wanga. Kuno timabereka kutsogolo, khungu kukhudza khungu. Iwe ndiwe mbaula yake."

"Kutsogolo amabereka ndi anyani a m'phiri," anang'ung'udza azakhali, koma anali iwo omwe amene anavula kapulana wawo watsopano, chitenje chija ankachisunga cha kutchalitchi, n'kumupereka kuti amangire.

Anandikhazika pampando wotsamira, anandivula bulauzi, n'kumugoneka pachifuwa panga choimirira, miyendo itapindika ngati ya chule, mutu atautembenuzira kumbali. Anali wozizira ngati mwala wa mumtsinje wa Ruo. Ndinatsala pang'ono kukuwa. A Muhiwa anamanga chitenje molimba, m'mphepete mwake mukudutsa m'munsi mwa khutu lake, kenako anatenga dzanja langa n'kuliika pamsana pake.

"Ukumva? Akukwera, akutsika. Ntchito yako ndi imeneyi. Uzimumvetsera akamapuma, uzimugwira mapazi ngati afunda. Ukaona chachilendo usachite manyazi, ukuwe. Ndamva kuti kukuwa umakutha."

Patapita kanthawi ndinamva kathupi kaja kakuyamba kufunda. Kenako kadzanja kanatambasuka n'kundikanda pang'ono pansi pa khosi. Ndinayang'ana mayi, mayi anandiyang'ana, ndipo ndinalira osadziwa chimene ndikulirira.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkagona ndi azakhali kumalo a odikirira odwala, m'mawa n'kusamba, n'kulowa ntchito. Usiku mayi ankawafungatira onse awiri atatsamira mapilo, usana wamwamuna anali wanga kuti mayi apumeko. Kuyamwa sankatha bwino, ndiye mayi ankafinyira mkaka m'kakapu, a Muhiwa n'kumamumwetsa pang'onopang'ono, iye akunyambita ngati kamphaka. Musaganize kuti inali ntchito yofewa. Msana unkawawa, thukuta linkayenderera, pena ankandikodzera. Panja ana a ogwira ntchito pachipatala ankasewera fulaye, ndipo ndikamva mpira uli phu! miyendo yanga inkadumpha yokha pansi pa mpando. Koma ndikayang'ana kachipewa kaja, ndinkakhazikika.

Chimene chinkandisangalatsa koposa chinali sikelo. M'mawa uliwonse a Muhiwa ankabwera nayo, ndipo makanda ankayezedwa mmodzimmodzi, amayi onse atatong'ola maso. Mwana akakwera, m'chipindamo munkamveka m'manja. Chisomo ankakwera ngati akuthamangira kwinakwake. Wanga masiku oyamba anangoima pamodzimodzi, ndipo zinkandipweteka ngati ndalephera mayeso. Tsiku limene a Muhiwa anayang'ana sikelo kawiri n'kunena kuti, "Esinati, munthu wako wasuntha," ndinafuna kuvina, koma anali atamubwezera kale pachifuwa, ndiye ndinavina ndi mapewa okha.

Tsiku lina masana, kunja kukuwaza, m'chipinda muli zii, tulo tinayamba kundiba chifukwa cha kufunda. Dzanja langa linali pamsana pake monga mwa masiku onse. Mwadzidzidzi ndinazindikira kuti dzanjalo silikukwera. Ndinadikira. Silinakwere. Ndinasuzumira m'chitenje ndipo milomo yake inali itayamba kuda.

"Anesi! Wasiya! Wasiya kupuma!"

Mawu amene ankasowetsa mtendere layini yonse anagwira ntchito tsiku limenelo. A Muhiwa anatulukira pakhomo nthawi yomweyo. Anamasula chitenje, anamusisita pamsana mwamphamvu, anamutekenya kumapazi, akulankhula naye ngati munthu wamkulu: "Iwe, dzuka, waiwala ntchito." Mayi anali atadzuka pabedi osakumbuka bala. Azakhali anagwada pakhomo akupemphera m'Chilomwe. Kenako kamimba kaja kanakoka mpweya, kankhope kanakwinyika, ndipo analira kulira kwake kopyapyala. Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo.

Anapita naye kuchipinda cha makanda odwala kuti akamuone bwino, ndipo anakhalako mpaka madokotala atakhutira. Asanatuluke naye, a Muhiwa anandigwira paphewa. "Wachita bwino. Ana osakwana masiku amaiwala kupuma nthawi zina. Akanakhala kumbuyo, ukanamuona?" Ndinapukusa mutu. Chifuwa changa chinkamva mphepo pamalo pamene ankagona, ndipo sindinadye mpaka anamubweza.

Atabwerako anayamba kukwera osabwereranso m'mbuyo. Masaya anatuluka, anayamba kuyamwa yekha, ndipo kulira kwake kunayamba kusokoneza anzake. Tsiku lotuluka, a Muhiwa atamutsitsa pasikelo n'kunena kuti apite kwawo, azakhali analiza nthungululu imene inabweretsa mlonda kudzaona chachitika. A Muhiwa anatilangiza kuti kunyumba tikapitirize kumufungatira ndi kumabwera naye kusikelo. Bambo anali panja ndi chipewa m'manja. Azakhali anawayandikira.

"Achimwene, mwanayu wakhala nthawi yaitali wopanda dzina. Koma dzina musatche inu, ngakhale ine. Atche mwini chifuwa."

Kwathu mwana satcha mnzake dzina, ndiye onse anatembenukira kwa ine. Mutu wanga unayera mbee. Mayina onse okoma amene ndinkapatsa zidole zanga zadothi anathawa, ndipo ndinangotulutsa chimene chinadzaza mumtima mwanga masiku onsewo.

"Sikelo!"

Bambo anaseka mpaka kukhala pansi, ulendo uno ndi maso omwe. Kutchalitchi anakamubatiza kuti Yohane, koma kuyambira kulayini mpaka ku Milonde palibe amamudziwa ndi dzina limenelo.

Lero ndine mzamba, ndipo makanda onga iye ndawanyamula ambiri. Ndi ntchito imeneyi imene yandiphunzitsa chimene sindinkadziwa ndili pampando uja. Ine ndinkaona ngati mpikisano wa ine ndi sikelo. A Muhiwa ankadziwa kuti mwana wochepa choncho, m'nyengo yozizira ngati imene ija, amatha kuzima ngati nyali yatha mafuta, pakuti anali ataonapo ena akuzima. Analibe nthawi yokangana ndi mwambo wa azakhali, ndiye anaufunsa mwambowo kuti uwapatse munthu. Ndipo atandipeza, mantha awo anawasunga okha, ine anangondipatsa ntchito yoti manja anga angathe. Ena mwa makanda amene ndawalandira sanafike pa tsiku la nthungululu, ndipo ndikamatuluka m'chipinda kukauza amayi awo, m'pamene ndimamvetsa kulemera kwa chimene mayi uja anandimangirira pachifuwa akumwetulira.

Sikelo tsopano ndi chimphona cha ndevu, ndipo akabwera kwanga amadya ngati akubweza masiku amene ankamwera m'kakapu. Akakhuta amagona pampando wanga, miyendo ili panja, mkonono uli pakamwa. Ana anga amamuseka, inenso ndimaseka nawo. Koma mkonono ukangodukiza pang'ono, ndimasiya chilichonse chimene ndagwira, ndipo sindipuma mpaka nditaona chifuwa chake chikukweranso.