Mphere Zanga ndi Mawondo a Bambo

Ndikukumbukira mphere za chaka chotsatira njala yaikulu ija ya fote naini. Njalayo itapita inatisiyira zinthu ziwiri m'mudzi mwathu kufupi ndi Ndunde: makola opanda nkhuku ndi ana okanda. Pa ana okandawo ine ndiye ndinali patsogolo. Zinayamba m'mipata ya zala, zikwere m'zigongono, mpaka kufika malo amene mwana wamkazi sangakande anthu akuona. Ndinkayenda ndi chitsononkho m'manja chifukwa zikhadabo zinali zitalephera ntchito. Amayi anapita nane ku chipatala cha ku Nguludi ndipo tinabwerako ndi mankhwala achikasu, onunkha. Ankathandiza ndithu, koma ana tonse tinkagona mphasa imodzi, chofunda chimodzi, ndiye mpherezo zinkangopita kukacheza kwa mng'ono wanga n'kubwereranso kwa mwini wake. Kusukulu anzanga anasiya kundigwira dzanja. Dzina langa loti Felesita linaiwalika, ndinasanduka Nachikanda, ndipo dzinalo linkandipweteka kuposa zilonda.

Amene anatiuza za mawira anali mayi wina wogulitsa matemba. Ataona manja anga anati kumunsi, kuchigwa cholowera ku Chilwa, kuli malo amene madzi amatuluka pansi ali otentha popanda wosonkhapo moto, ndipo mphere sizilimba m'madzi amenewo. Anati wokasamba amangotenga kaufa pang'ono kokapereka pakhomo. Amayi anali ndi khanda kumsana, choncho ulendo unagwera bambo. Amayiwo anangotichenjeza kuti nkhaniyi isakafike kwa aphunzitsi a katekisimu, chifukwa ufa woperekedwa pamadzi unkamveka fungo la mizimu.

Bambo anga, a Yohane, anali munthu wamtali, wosakonda zolankhulalankhula, wachipewa chimodzi chimene ankachivula m'tchalitchi mokha. Makolo awo anachokera kwa Apwitikizi, kuthawa nkhanza za kumeneko, koma iwo anabadwira kuno. Thangata anagwira ali mnyamata, msonkho ankakhoma chaka ndi chaka osadikira mesenjala. Ukawanena kuti ndi osauka ankaseka. Ukawanena kuti ndi ouma mutu ankavomera. Koma kuwatchula mlendo, kapena dzina lija ankatinyoza nalo ife Alomwe, loti Anguru, basi tsiku lonse lawonongeka. "Amati mlendo ndi mame," ankatero. "Mame anji ofika pomera imvi dzuwa lisanawaumitse?"

Tinanyamuka nyengo yachisanu, anthu atakolola. Phiri la Chiradzulu linkacheperachepera kumbuyo kwathu, ndipo ine ndinadabwa kuona kuti phiri limene ndinkayesa msana wa dziko lonse likhoza kubisika kuseri kwa mtengo wa mango. Ndikatopa bambo ankandikweza paphewa, ine n'kumakanda miyendo pamalaya awo, iwo osadandaula. Tinkadya chinangwa chootcha ndi nzimbe. Tinagona kwa mbale wina wa amayi, m'mawa mwake n'kupitiriza, dothi lofiira lakwathu n'kusanduka lakuda, long'ambika ming'alu yoti phazi langa linkalowamo. Malowo tinayamba kuwamva ndi mphuno tisanawaone. Linali fungo la dzira lovunda, ndipo ndinayang'ana bambo mowakayikira, iwonso n'kundiyang'ana ine.

Mawirawo anali m'kati mwa mpanda wa bango, utsi ukufuka pamwamba pake ngati wina akuwotcha zinyalala zonyowa. Kunja kwa mpanda, pomwe kamfuleni kankatulukira, anyamata ankaviika mbatata m'madzi atazimanga paluzi. M'kati munkamveka madzi akukhavukira ndi mawu a amayi akucheza. Pakhomo panali mwala wosalala, ndipo pambali pake panakhala nkhalamba yaifupi, yamutu wambee, imene anthu ankaitchula kuti a Kadzuwa. Sanali mfumu, sanali sing'anga. Banja lawo ndi limene linkasunga malowo kuyambira kale, kumanga mpanda, kuchotsa matope ndi kulandira obwera. Patsogolo pawo panali lichero la ufa, ndipo chapatali nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo.

Bambo anapereka moni mwaulemu, namasula kansalu ka ufa. A Kadzuwa sanatambasule dzanja. Anafunsa kumene tachokera, bambo nayankha. Kenaka anafunsa funso limene ankafunsa munthu aliyense wachilendo pamaso pawo.

"Makolo anu agona kuti?"

"Mayi anga ali ku Ndunde. Bambo anga ali kumanda a pa esiteti, konko ku Chiradzulu."

"Nanga agogo anu?"

Bambo anati, "Anatsala kwa Apwitikizi."

"Basi, ufawo sungani," anatero a Kadzuwa, mopanda mkwiyo uliwonse, ngati akunena za mvula. "Wa ufa ndi amene agogo ake agona m'dothi lino. Mlendo amasiya nkhuku."

"Ine ndinabadwira kuno, akulu. Mchombo wanga unakwiriridwa dziko lomwe lino."

"Sindikukana, achimwene. Koma pano sitifunsa mchombo, timafunsa manda. Mwanayu akadzakula adzalowa ndi ufa, pakuti agogo ake ali kuno. Lero wofunsidwa ndinu amene mwabwera naye."

Nkhuku tinalibe. Ngakhale kwathu kunalibe, zonse zinathera m'njala ija, zina kudyedwa, zina kusinthanitsa ndi gaga. A Kadzuwa anati zimenezo akuzidziwa, si ife oyamba chaka chimenecho, ndipo makolo akale anasiyira mlendo wosowa njira ina. Ankayenera kuvula chipewa, kugwada pamwala uja, kuomba m'manja ndi kunena mokweza, osamba m'katimo akumva, kuti ndi mlendo, dothi si lake, wangopempha madzi. Akatero ankalowa osalipira kanthu.

Bambo anamanganso kansalu kaja pang'onopang'ono, nandigwira dzanja, ndipo tinakakhala pansi pa mtengo wa mthethe chapatali. Sanati tikubwerera, sanatinso tikulowa. Anangokhala, chipewa chili pamphumi, akuyang'ana nyerere. Ine ndinkawadziwa bambo anga. Ndinadziwa kuti tayenda ulendo wonsewu kudzangonunkhiza madzi, ndipo ndinayamba kuganiza za mmene anzanga akandilandirire, Nachikanda wabwerako ali chikandirebe.

Tili pomwepo kunamveka galimoto ikulira m'njira ya ngolo. Munatsika mzungu wonenepa, wofiira khosi, akutsimphina ndi ndodo chifukwa cha nyamakazi. Anyamata a mbatata aja anathawira m'bango. Ine ndinayesa kuti a Kadzuwa aimirira n'kutsegula khomo, monga ankachitira aliyense masiku amenewo akaona khungu loyera. Koma nkhalambayo inangosuntha lichero lake kuti fumbi lisagweremo, n'kufunsa funso lomwe lija.

Mzunguyo Chinyanja ankachidziwa, chake chothyokathyoka cha pa esiteti. Atamva za nkhuku anafiira kuposa mmene analili. "Ine si mlendo!" anatero, akumenya ndodo pansi. "Ine khala kuno zaka zambirimbiri. Mwana wanga manda ake ku Limbe."

"Pepani, bwana, za mwanayo," anatero a Kadzuwa, ndipo anaweramitsa mutu moonadi. "Nanga agogo anu?"

"Ku Ulaya."

"Nkhuku, bwana."

Paphewa pa bambo panagwedezeka. Ankaseka osatsegula pakamwa, kuseka kwawo koyamba chifikireni. "Kani nayenso ndi mame," ananong'ona. Koma kusekako sikunakhalitse. Mzungu uja anang'ung'udza, napisa m'thumba, naponya mashilingi palichero, ndalama zogula nkhuku ndi anapiye ake omwe. Analowa kudziwe la amuna chipewa chili kumutu, mawondo ake osakhudza mwala. Tonse tinali alendo, inde, koma wina anali ndi thumba lomugwadira.

Nthawi yonseyi ine ndinkakanda kuseri kwa bondo, ndipo sindinadziwe kuti ndatsegula chilonda. Magazi anatsetsereka mpaka kuchidendene, ntchentche n'kuyamba kusonkhana. Nditaona kuti bambo akuyang'ana, ndinabisa mwendo pansi pa diresi. Ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinkadzimvera ndekha, ndiye ndinanama.

"Ababa, tiyeni tizipita. Sizikuyabwanso."

Ndinanena mawu amenewa dzanja lili m'khwapa, likukanda lokha. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaimirira, nasansa fumbi kumbuyo, nayenda kupita pakhomo paja, ine ndikutsatira. Anavula chipewa n'kundipatsa kuti ndigwire. Chinali chofunda, chonyowa thukuta m'mphepete. Munthu wamtali akamagwada pamatenga nthawi, ndipo ndinamva mawondo awo akulira asanafike pamwala. Anaomba m'manja mofukusa, monga timachitira kumaliro.

"Eni madzi, ndine mlendo. Dothi lino si langa. Ndapempha madzi, mwana asambe."

Mawuwo anatuluka osanjenjemera, okwera bwino, kuti pasapezeke wonena kuti abwereze. M'kati mwa mpanda macheza anaduka. Palibe anaseka. A Kadzuwa anaomba m'manja kuyankha, nati, "Madzi ndi anu, lowani." Kenaka anaitana mayi wina dzina, kuti adzanditenge kupita kudziwe la akazi. Bambo sanalowe. Anatenga chipewa chawo nabwerera pansi pa mthethe paja.

Madziwo anali obiriwira pang'ono, oterera m'manja, ndipo pansi pake pankatuluka timathovu totekenya kumapazi. Nditangoviika mwendo ndinakuwa, chifukwa chilonda chilichonse chinayaka moto nthawi imodzi. Mayi uja, wamkono ngati musi, sanamvere zimenezo. Anandikhazika pansi mpaka madzi kufika m'khosi, nayamba kundikhula ndi matope otuwa a m'mphepete, kwinaku akuuza anzake kuti sanaonepo mwana wowonda chonchi wokhala ndi mawu aakulu chotere. Ululu utadutsa kunabwera chinthu chimene ndinali nditachiiwala: thupi langa linakhala chete. Panalibe poyabwa paliponse. Ndinakhala m'menemo mpaka zala zinachita makwinya, fungo la dzira lija litasanduka lokoma, ndipo anachita kunditulutsa mondikoka.

Tinakhala kumeneko masiku angapo, tikugona pakhonde la munthu wina wachifundo, ine ndikusamba m'mawa ndi madzulo. Bambo sanafunsidwenso kugwada, ndipo ufa uja tinaphika phala. Iwo madziwo sanawakhudze ngakhale ndi chala, ngakhale msana unkawavuta. A Kadzuwa ankawapatsa moni tsiku ndi tsiku, mwinanso fodya wapamphuno, ndipo bambo ankalandira mwaulemu, koma nkhani sinkapitirira pamenepo. Pobwerera, phiri lathu litayambanso kuoneka, anandiuza chinthu chimodzi chokha.

"Amako ukawauze kuti analandira ufa."

Ndinakawauza zomwezo. Zilonda zinauma, nkhanambo zinayoyoka, ndipo amayi anawiritsa zovala zathu zonse ndi chofunda chija mumphika waukulu, mphasa n'kuitentha. Mpaka lero sindidziwa chimene chinapha mpherezo, kaya mawira, kaya mphika wa amayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti sukulu itatsegulidwa anzanga anandigwiranso dzanja, ndipo pang'ono ndi pang'ono ndinabwerera kukhala Felesita.

Ndinapitanso ku mawira kuja ndili nkhalamba, paulendo wa amayi a kutchalitchi, titachita hayala minibasi. Bango lija linalowedwa m'malo ndi waya, madziwe anawaka ndi simenti, ndipo pakhomo pali chikwangwani cha mitengo iwiri, wa Amalawi ndi wa ochokera kunja, wachiwiriwo wokwera kwambiri. Kumbuyo kwathu kunali azungu achinyamata a zikwama kumsana, akudandaula za mtengo wawowo, ndipo anzanga ankati alipire basi, ndalama ali nazo. Mwina n'zoona. Mpanda sudzimanga wokha, ndipo a Kadzuwa nawo sankadya utsi.

Pakhomo panali mnyamata wa yunifolomu. Sanafunse kumene ndachokera, sanafunse manda a wina aliyense. Anangondiyang'ana kumaso n'kunena kuti, "Agogo, inu ndi a konkuno, wanu ndi wotsikawu." Ndinalipira n'kulowa, koma m'madzimo ndinalira, anzanga n'kumayesa kuti ndi kutentha. Mawu amenewo mwanayo anawanena mosaganizira n'komwe, maso ali kale pa munthu wotsatira. Bambo anga anawadikira moyo wawo wonse, ndipo anakagona m'dothi la ku Ndunde asanawamve.