A Pulofesa a ku France Aphunzira Njinga ku Chiponde

Zaka zimene anthu a ku Mozambique ankathawira kwathu kuno chifukwa cha nkhondo, ine ndinali mphunzitsi wa Chifalansa pa sekondale ina ku Mangochi. Tsiku lina, sukulu ili pafupi kutsekera, kunabwera namwino wachizungu amene ankagwira ntchito pakati pa othawa nkhondo ku Chiponde. Anati bambo ake abwera kudzamuona kuchokera ku France, Chingerezi sadziwa, ndipo iye alibe mpata woyenda nawo. Ankafuna munthu wowamasulira pa tchuthi. Ndinafunsa ntchito ya bambowo.

"Anali pulofesa ku yunivesite," anatero namwinoyo. "Ankaphunzitsa za chabwino ndi choipa. Musaope, si aukali. Kungoti pakamwa sapuma."

Ndinkayembekeza munthu wa thupi ndi jekete. Amene ndinawapeza m'galimoto anali nkhalamba yaing'ono, yadazi, mphuno itapsa ndi dzuwa, itavala chipewa cha mlaza chogula pamsika. Tikukwera mapiri a ku Namwera ndinawafunsa ngati ntchito yawo inali yofanana ndi ya abusa.

"Ayi, mwana wanga. Abusa amakhala ndi mayankho. Ine anandilemba ntchito yofunsa mafunso."

Anandiuza kuti analemba mabuku a za bodza ndi za kukhululuka, koma nkhani imene inawadyera zaka zambiri inali ya kulandira: chifukwa chiyani munthu wothandizidwa nthawi zina amachita manyazi, mwinanso kudana ndi womuthandizayo. Iwonso anathawapo nkhondo ali mwana, wapansi, ndi mayi awo. Panjira mayi wina anawapatsa buledi. Mayi awo anathokoza bwinobwino, koma atangokhota ngodya anayamba kulira.

"Kuyambira pamenepo ndimafuna kudziwa kuti ankalirira chiyani," anatero, kenako n'kundifunsa dzina la mtengo umene tinadutsa.

Ku Chiponde ndinkagona m'nyumba ya anamwino pa chipatala. M'mawa woyamba tinapita kumene ankagawa ufa, nandolo ndi mafuta. A Pulofesa sanakhalitsepo. Anati si bwino kuonerera munthu akulandira chakudya, ndiye tinayamba kungoyendayenda. Pafupi ndi chipata cha malire, pansi pa mtengo wa mango, tinapeza bambo wina wa kofia yoyera akukonza njinga. Anali Myao wa kutsidya, amene anathawa ndi banja lake atamuotchera golosale. Chichewa ankachidziwa pang'ono, Chipwitikizi kwambiri. Posakhalitsa awiriwo anazindikira kuti mawu ena a Chipwitikizi ndi a Chifalansa ndi apachibale, moti nthawi zina ankaseka ine ndisanamasulire.

Bambo wa njingayo atamaliza kumata chubu anawauza alendo kuti ayese ngati njinga yakhala bwino. A Pulofesa anakanda padazi n'kuvomera kuti chibadwire sanakwerepo njinga.

Ndinamasulira. Bamboyo anaika sipanala pansi.

"Mwamasulira bwino, amayi? Njingazi si zimachokera kwawo konko?"

Mawa lake sukulu ya njinga inayamba pabwalo la mpira. Bambo wa kofia ankagwira kaliyala n'kumathamanga pambuyo, ine ndikuthamanga pambali kumasulira malangizo. "Yang'anani kutsogolo, osati mapazi." Pamene ndimamaliza kunena m'Chifalansa, a Pulofesa anali atagwa kale. Tsiku lina anasiya bwalo lonse n'kukalowa m'munda wa chinangwa, ndipo anatulukamo masamba ali m'khosi akupepesa kwa mwini munda, amene sankatha n'kuyankha komwe chifukwa cha phwete. Amayi a pa mjigo anasintha nthawi yotunga madzi kuti asaphonye. Nkhalambayo sinkakhumudwa. Inkati kwa zaka zambiri yakhala ikuimika ophunzira patsogolo pa anzawo, tsono nthawi yake yakwana.

Tsiku limene anazungulira bwalo okha osagwa, mphunzitsi wawo wa njingayo anatiitana kuti Lachisanu, iye akatuluka ku mzikiti, tikadye kwake.

Madzulo ake a Pulofesa anasowa mtendere. Anandipeza ndikusita pakhonde.

"Anthuwa chakudya chawo n'choyeza. Ndikadya ine, mwana wina sakhuta. Ndikakana, ndamunyoza mnzanga. Inu mukanatani?"

"Si inu munalemba buku la zimenezi?"

"Ndinalemba, lalikulu ndithu. Koma m'bukumo munalibe ana."

Ndinawauza kuti ine ndipita, ndipo ndikadya. Anati basi, atsatira womasulira wawo.

Nyumba ya bambo wa njingayo inali yaudzu, yaing'ono, pabwalo posesedwa bwino. Mayi a m'nyumbamo anatithira madzi m'manja n'kubweretsa mpunga, nandolo ndi nkhuku. Ndinaona a Pulofesa akuyang'ana nkhukuyo, kenako ana, kenako ine. Anatenga kaphiko kokha. Mwini nyumba anaona, ndipo anatenga ntchafu n'kuwaikira m'mbale.

"Auzeni kuti kwathu Lachisanu lililonse pakhomo panga pankadya anthu. Chibwerere kuno ndine woimirira pamzere ndi thumba. Lero ndine mwini nyumba. Adye."

Nditamasulira, a Pulofesa anapinda malaya m'mikono n'kuyamba kudya ndi manja, mpunga ukugwera m'miyendo, ana akugwira pakamwa. Atamaliza anapempha nandolo wina. Mayi aja anatuluka kukatenga mphika wonse akumwetulira.

Tikumwa tiyi, bamboyo anafunsa funso limene ndikuganiza kuti analisunga masiku onse aja.

"Ndamva kuti mumaphunzitsa za kukhululuka. Amene anandiotchera golosale ndimawadziwa, ena ndinakula nawo. Nkhondo ikatha tidzakumana pamsika. Ndiwakhululukire?"

A Pulofesa, amene pakamwa sankapuma, anazunguza tiyi nthawi yaitali.

"Ine sindingakulamuleni, ndipo wina aliyense asakukakamizeni. Kukhululuka n'kwanu, mudzapereka mukadzafuna. Kumapepukako ngati wolakwayo wabwera yekha kudzapepesa. Mayi anga sanakhululuke mpaka kumwalira, koma anali munthu wabwino kwambiri."

Bamboyo anagwedeza mutu.

"Ndiye ndidikira ndione ngati adzabwere. Ashehe anandiyankha mwachangu kuposa inu."

"Iwo ntchito amaidziwa," anatero a Pulofesa, ndipo onse awiri anaseka.

Potsanzikana bamboyo anawabwereka a Pulofesa njinga kuti abwerere nayo ku chipatala. A Pulofesa anandiuza kuti ndikhale pakaliyala andinyamule. Ndinathokoza kwambiri n'kunena kuti nditakhuta chonchi ndi bwino ndiyende wapansi. Ananyamuka akuliza belu, chipewa chili m'khosi, nkhuku za eni zikubalalika.

Ndinawapeza atafika kale, atakhala pabenchi ya odwala, thalauza atapinda. Njira yonse anayenda bwino, koma mabuleki anawakumbukira atagunda kale mpanda wa chipatala. Mwana wawo ankawatsuka bondo akuwakalipira m'Chifalansa chothamanga chimene sindinachimve chonse. Iwo sankamvera n'komwe. Ankafotokozera amayi oyembekezera amene anali pabenchipo za kukoma kwa nandolo, ndipo atandiona anandikodola kuti ndifulumire ndidzamasulire.