Mapilitsi Omanga M'mimba

Chaka chomwe kolera inavuta kwathu, ine ndinali nditabwerera kumudzi kwa Malemia, ukwati utatha ku Blantyre. Amayi anali atamwalira kale, ndiye pakhomo tinalipo awiri basi, ine ndi ababa. Ababa sanali munthu wodwaladwala. Ankalima chimanga kumtunda, mpunga kudambo, Lamulungu n'kuvala jekete lawo lakuda kupita kutchalitchi kumene anali mkulu wa mpingo. Mutu ukawapweteka ankangomanga kansalu pachipumi n'kunyamula khasu.

Mvula inali itakhazikika. Mtsinje wa Domasi unkayenda wofiira, utanyamula zinyalala za m'midzi yonse ya kumtunda. Pawailesi nkhani inali imodzimodzi: sambani m'manja, thirani mankhwala m'madzi akumwa, wotsekula m'mimba athamangire kuchipatala. Kuseri kwa chipatala chathu chaching'ono anali atamanga tenti n'kuizunguliza chingwe, ndipo anthu ankaiopa tentiyo kuposa matendawo. Mnzawo wa ababa wa m'kwaya analowamo akuyenda yekha, n'kutulukamo ali m'thumba la pulasitiki. Anamuika m'manda anthu ovala magolovesi, osamusambitsa, popanda nyimbo, abale ataimirira patali. Ababa atabwerako anakhala pakhonde, kenako anati, "Munthu woimba chonchija kupita ngati thumba la feteleza."

Patapita masabata angapo ndinayamba kuona zachilendo. Ababa ankapita kudambo m'mawa koma dzuwa lisanakwere abwerako. Ankadutsa kuseri kwa nyumba, osati pabwalo pamene ndimatsukira mbale. Chitseko cha chimbudzi chathu chinali chamalata, cholira, ndiye ndinkangomva kwee, pakapita kanthawi kwee. Tsiku lina ndinawapeza kukhitchini akuwiritsa masamba a gwafa m'kapoto ka tiyi.

"Ababa, m'mimba mwavuta?"

"Mango awa. Ndadya osapsa."

"Tiyeni kuchipatala akakuoneni."

Anandiyang'ana ndi maso omwe ankandiyang'ana nawo ndili mwana ndikaswa chikho. "Iwe, nkhani imeneyi isatuluke pakhomo pano. Wamva?"

Ndinamva. Mawa lake anakwera njinga yawo kupita ku Naisi, akuti kukafuna mankhwala a mbozi za m'chimanga. Anabwerako ndi kapepala kopotokola m'thumba la malaya. Ndinakaona pochapa. Munali timapilitsi ting'onoting'ono toyera ndi makapusozi awiri a mitundu iwiri, opanda dzina, opanda bokosi. Nditawafunsa anandiuza kuti anagula kwa munthu wina woyala mankhwala pansi tsiku la msika. Toyerato n'tomanga m'mimba, makapusoziwo ngopha tizilombo. Anali atamwa kale kangapo, mowirikiza, kuti zithe msanga.

Ndipo zinaimadi. Chitseko chamalata chija chinakhala chete tsiku lonse. Ababa anasamba, anadya mbatata, mpaka anandiseka. "Ukanandipereka kutenti chifukwa cha mango." Inenso ndinaseka, mtima unatsika.

M'mawa mwake sanatuluke m'nyumba. Tambala analira, nkhuku zinatsika, ana asukulu anadutsa pamsewu, chitseko cha kuchipinda kwawo chili chotseka. Kwathu mwana wamkazi salowa kuchipinda kwa bambo ake. Ndinaima pakhomopo n'kuodira. Anayankha ndi mawu omwe sindinawazindikire. Ndinakankha chitseko.

Anali atagona chopinda miyendo, atafunda bulangeti ndi jekete lakuda lija pamwamba, akunjenjemera mano kuchita kugundana. Thupi linali moto. Mimba inali itafufuma, yolimba ngati ng'oma, ndipo nditangoikhudza pang'ono anakuwa. Milomo inali itauma n'kung'ambika. M'chipindamo munkamveka fungo. Pakona panali chidebe chomwe anavundikira ndi thumba, ndipo nditavundukula ndinaona magazi ndi zonanda.

"Ababa, awa ndi magazi."

"Vundikira."

"Tikupita kuchipatala."

"Ndati vundikira. Ndipatse mapilitsi aja, atsala m'malaya."

Sindinawapatse. Ndinatenga kapepalako n'kukamanga kunsonga ya chitenje changa. Ndinathamangira kukhitchini, ndinawiritsa madzi, n'kusungunulamo shuga ndi kamchere monga ankatiphunzitsira kusikelo ya ana. Ababa anamwa pang'ono n'kusanza. Ndinadikira, n'kuyamba kuwamwetsa ndi supuni. Anayamba kuyankhula Chilomwe, chiyankhulo chomwe ankayankhula ndi amayi awo okha, omwe anamwalira ine ndisanabadwe. Apo m'pamene mantha enieni anandigwira.

Ndinatuluka panja osadziwa kolowera. Achimwene anga anali ku Joni, foni yawo yosapezeka. Akuluakulu a mpingo ndikawauza, mudzi wonse udziwa dzuwa lisanafike pamutu. Nditaima choncho pabwalo, mayi a nyumba yoyandikana nafe anatulukira ndi beseni la zitumbuwa pamutu, akupita kukagulitsa kumsewu. Ndi Asilamu, banja lochita geni, ndipo iwo ndi amayi anga ankagwirizana ngati apachibale. Ine ndinkawaitana kuti azakhali. Anangondiyang'ana kumaso n'kutula beseni.

"Mwanawe, chachitika n'chiyani?"

Ndinakumbukira mawu a ababa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti palibe, koma m'malo mwake misozi inatuluka. Azakhaliwo sanafunsenso. Anavula masilipasi n'kulowa m'nyumba molunjika.

Ababa atawaona anakokera bulangeti kumutu. "Ndani wakuitanani? Tulukani, alongo, muno simolowa munthu."

"Ndalowa kale, achimwene. Tiyeni, dzukani."

"Kutenti ine sindipita. Ngati n'kufa ndifere pamphasa panga, andiimbire anzanga."

Azakhali anagwada pafupi ndi mutu wawo. Sanakweze mawu. "Mukuganiza kuti ife sitiopa? Ife kwathu munthu kumuika osamusambitsa n'chinthu choopsa kuposa mmene mukuganizira. Koma mukafera muno ndi matenda a m'mimba, abweranso omwewo a magolovesi kudzakutengani. Ndipo mwanayu atsala yekha ndi chidebe chija. Mukufuna zimenezo?"

Mvula inayamba kuwaza pamalata. Kenako ababa anatulutsa dzanja m'bulangeti n'kuloza nsapato zawo.

Amuna awo a azakhali anali ndi njinga yamoto yomwe ankapikulira usipa ku Liwonde. Anabwera nayo mpaka pakhonde. Tinawakweza ababa pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira, chitenje chimodzi titamanga m'chiuno mwawo ndi mwa oyendetsawo kuti asagwe. Anthu anali atayamba kale kutuluka m'makomo mwawo. Palibe anayandikira. Mayi wina anakokera mwana wake m'nyumba.

Msewu unali phala lokhalokha. Njinga inkatsetsereka uku ndi uku, ine miyendo ndikukwekwereza m'matope. Mutu wa ababa unkagwera paphewa langa, ndikawaitana ankangoti "mmm." Titafika pakamtsinje kamene kamathira mu Domasi tinapeza madzi akudutsa pamwamba pa kamlatho ka mitengo. Oyendetsawo anazimitsa njinga, anaitsamiritsa pamtengo, anapinda buluku, n'kuwabereka ababa kumsana. Ine ndinkatsatira nditagwira malaya awo, madzi akundimenya m'maondo, mitengo ili yoterera pansi pa mapazi. Tili pakatikati, m'mimba mwa ababa munamasuka. Zonse zija zomwe mapilitsi anatsekera zinatsikira pamsana pa munthu wa eni ake. Ababa analira mokweza ngati mwana. Bambowo sanaime, sanatembenuke, anangoti, "Gwirani zolimba, achimwene, tatsala pang'ono."

Kutsidyako anawakhazika pansi, anasamba m'madzi omwewo mofulumira, n'kubwerera kukaolotsa njinga pokankha.

Pachipatala anatilandirira panja, pafupi ndi chingwe chija. Panali beseni la madzi onunkha kulolini lopondamo. Tenti inali pomwepo, yoyera, mvula ikuyenderera m'mbali mwake, ndipo mkati wina ankabuula. Ababa anandigwira dzanja ndi mphamvu zomwe sindinkadziwa kuti akadali nazo.

"Akandilowetsa umo, usachoke pachingwepa."

"Sindichoka, ababa."

Anabwera adokotala, mayi wachitsikana wamaso otopa, atavala magolovesi ndi majombo. Anafunsa kuti zinayamba liti, chimbudzi chake chikuoneka bwanji, ngati n'chamadzi oyera ngati otsukira mpunga. Ndinati ayi, n'chamagazi, ndipo thupi likutentha. Anawatsina ababa khungu la pamimba, khungulo linakhala chiimire osabwerera msanga. Anawadina m'mimba, ababa n'kubuula.

"Amwa chiyani?"

Ndinamasula nsonga ya chitenje. Kapepala kaja kanali katanyowa, mapilitsi atayamba kusungunuka. Adokotala anawayang'ana m'dzanja mwanga n'kupukusa mutu.

"Toyerati ndikutidziwa. Timaimitsa matumbo kuti asayende. Munthu akamachita magazi komanso thupi likutentha, sayenera kumwa timeneti, chifukwa zoipa zonse zimangotsekeredwa mkati, matumbo n'kutupa. Makapusoziwa sindingadziwe n'komwe kuti muli chiyani."

"Ndi kolera?" ndinafunsa.

"Tiyeza kuti titsimikize. Koma mmene ndikuonera, aka ndi kamwazi."

Anawatengera m'kachipinda kapadera, osati m'tenti, n'kuwaika diripi. Mtsempha unavuta kupezeka, anabaya dzanja ili, anabaya linalo, ine ndikuyang'ana pawindo. Tinadikira zotsatira masana onse. Amuna a azakhali anakhala pabenchi ndi malaya onyowa, osadandaula, mpaka namwino anatuluka kudzatiuza kuti si kolera. Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo.

Koma adokotala sanatilole kusangalala. Anati mimbayo ikapanda kuphwa pofika mawa, atitumiza kuchipatala chachikulu ku Zomba, chifukwa matumbo otupa chonchi amatha kubooka. Anayamba kuwapatsa mankhwala olimbana ndi tizilombo ta kamwazi, n'kundipatsa ine timapaketi ta thanzi kuti ndizisungunula m'madzi owiritsa n'kumawamwetsa pang'onopang'ono, ngakhale akane. Ankakanadi. Ankati madziwo akukoma ngati misozi. Ndinkangoyika kapu pamlomo n'kudikira.

Kutacha, namwino anawadinanso pamimba ndipo ababa sanakuwe. Kutentha kunali kutatsika. Anapempha phala.

Tinatuluka patapita masiku angapo ndi mapilitsi akuluakulu oyera omwe anatilamula kuti amalize onse, ngakhale adzimve kuti achira. Ababa anali atatha, kolala ya malaya ikuchita kulendewera m'khosi. Kumudzi mbiri inali itafala kale kuti kwathu kwagwa kolera. Kumjigo amayi ankasuntha zidebe zawo ndikafika, ndipo panatenga nthawi kuti a mpingo abwere kudzazonda. Amene ankabwera tsiku ndi tsiku ndi azakhali, ndi kambale ka phala la mpunga.

Ababa ankati akamva mawu awo pabwalo, ankatembenukira kukhoma n'kunamizira tulo. Amuna a azakhaliwo ndiye ababa sankafuna n'komwe kukumana nawo maso. Ine ndinkaganiza kuti akwiya chifukwa ndinaulula. Tsiku lina ndikuwapatsa mapilitsi ndinawafunsa.

"Sindinakwiye," anatero. "Koma munthu amene ndinamuipitsira pamsana, ndikamuyang'ana bwanji?"

Atayamba kuyenda ndi ndodo, m'mawa wina anandiuza kuti ndigwire tambala wathu wamkulu, ndimumange miyendo, ndisamuphe chifukwa a kwa azakhaliwo amazinga okha mwa chipembedzo chawo. Anamunyamula okha m'khwapa n'kudutsa mpanda pang'onopang'ono kulowera kwa azakhali. Sindinawatsatire. Ndinali ndi ntchito yambiri, mpunga kudambo unali utamera udzu mpaka sunkaonekanso, ndipo chaka chimenecho tinakolola wochepa kwambiri.